ZA UMOYO M'BANJA: Fupa la Nsagwada ndi Mlendo Wachitsulo

Mwezi wa February uli ndi masiku awiri otikumbutsa za matupi athu. Pa 11 ndi Tsiku la Odwala pa dziko lonse, limene Papa John Paul II analikhazikitsa m'chaka cha 1992. Pa 9 Mpingo umakumbukira Apollonia Woyera, mayi wokalamba wa mu mzinda wa Alexandria ku Egypt. M'chaka cha 249 anthu odana ndi Akhristu anamugwira ndi kumumenya m'masaya mpaka kumugulula mano onse, ndipo anafera m'moto osakana Ambuye wake. Kuyambira kale Akhristu amamutenga kukhala nkhoswe ya odwala mano ndi ya madokotala a mano.

M'masiku omwewa talandira kalata yochokera kwa bambo wina wa m'boma la Lundazi, amene anatumikira zaka zambiri ngati katekisiti. Apempha kuti tisatchule dzina lao. Mwa zina alemba motere:

"Mano anga a m'munsi anatha kuchotsedwa limodzilimodzi zaka zapitazo. Chimanga chokazinga ndi nzimbe ndimangoziona ndi maso, ndipo powerenga m'tchalitchi mau ena amandipulumuka. Mwana wanga wogwira ntchito ku Lusaka ananditengera kwa dokotala wa mano amene anati angathe kundibzala mizu yachitsulo m'nsagwada. Koma atandijambula anati fupa langa laphwa, nayamba kufotokoza za mizu yokhakhala ndi yokutidwa. Ine sindinamvepo kanthu. Kodi fupa la munthu lingagwirane bwanji ndi chitsulo? Nanga fupa langalo linapita kuti? Kodi ndilole mwana aononge ndalama zake pamene adzukulu akufuna fizi?"

Mafunsowa ndi olemera, ndipo yankho lake likukhudza ngakhale ife amene sitidzaona ndi maso muzu wachitsulo. Tiyeni tiyambe ndi fupa lomwe linasowalo.

Fupa ndi chinthu chamoyo

Ambiri timaganiza kuti fupa liri ngati mwala umene ukaumbidwa wangoumbidwa. Ai, fupa liri ndi mitsempha ya magazi, limadya, limakula ndipo limapola likathyoka. M'kati mwake muli magulu awiri a tinthu tamoyo tating'onoting'ono totchedwa maselo: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano, usana ndi usiku, moyo wathu wonse. M'chaka cha 1892 dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza lamulo limene amisiri amenewa amatsata: pamene fupa likusenza katundu amalilimbitsa, pamene silikugwira ntchito amalichepetsa.

Mbali ya nsagwada imene imasunga mano iri ndi ntchito imodzi yokha, yogwira mizu. Nthawi iriyonse tikatafuna, muzu umakoka fupa pang'ono, ndipo kukokako ndi uthenga wakuti fupalo likufunikabe. Dzino likachotsedwa uthengawo umaleka, ndipo thupi limayamba kusamutsa chuma chake. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa m'chaka cha 2003 anapeza kuti pamalo pochotsedwa dzino lotafunira, fupa limataya pafupifupi theka la kutambalala kwake m'miyezi 12, ndipo gawo lalikulu la kutayikako limachitika m'miyezi itatu yoyamba. Pambuyo pake limapitirira kuphwa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake agogo opanda mano masaya amalowa m'kati, chibwano n'kumayandikira mphuno. Munda wosalimidwa umabwerera kutchire. Ndimo linapitira fupa la bambo athuwa.

Zimene kalulu anaphunzitsa dokotala

Maganizo oika chinthu china pamalo pa dzino si atsopano. M'chaka cha 1931 ku Honduras kunafukulidwa nsagwada ya munthu wa mtundu wa Amaya amene anakhalako cha m'ma 600, ndipo m'malo mwa mano atatu a kutsogolo munali tizidutswa ta chigoba cha nkhono za m'madzi. Atadzaijambula m'chaka cha 1970 anaona kuti fupa linali litamera mozungulira tizigobato, kusonyeza kuti tinaikidwa mwiniwake ali moyo. Koma zitsulo zambiri zimene madokotala anayesa m'zaka zotsatira zinkalephera. Thupi linkaziona ngati mdani, n'kuzizinga ndi mnofu wofewa wonga chipsera, ndipo muzuwo unkagwedezeka mpaka kugwa.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1952 ku Lund, m'dziko la Sweden. Dokotala wachinyamata, Per-Ingvar Brånemark, ankafuna kuona m'mene magazi amayendera m'kati mwa fupa. Analowetsa kachipangizo koonera, kopangidwa ndi chitsulo chotchedwa titaniyamu, m'fupa la mwendo wa kalulu. Patapita miyezi anafuna kukachotsa, koma kanakana. Fupa linali litakakumbatira ngati mbale wake. Poyamba anangodandaula kuti chipangizo chake chapita, koma kenaka anazindikira kuti wapeza chinthu chachikulu, ndipo kugwirana kumeneku anakupatsa dzina lakuti osseointegration. M'chaka cha 1965 mu mzinda wa Gothenburg anabzala mizu inayi ya titaniyamu m'nsagwada ya m'munsi ya Gösta Larsson, amene anaigwiritsa ntchito mpaka imfa yake m'chaka cha 2006. Madokotala anzake anamukayikira nthawi yaitali, ndipo njira yake inayamba kufalikira pa dziko lonse pambuyo pa msonkhano wa ku Toronto wa m'chaka cha 1982.

Chitsulo chimenechi si chachilendo kwenikweni kuno kwathu. Anachitulukira ndi mbusa wa mpingo wa Anglican, William Gregor, mu mchenga wakuda wa ku Cornwall m'chaka cha 1791. Mchenga wokhala ndi titaniyamu umakumbidwa ku Moma m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, ndipo wapezekanso wambiri ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kwa anansi athu a ku Malawi.

Chinsinsi chiri pakhungu

Nanga n'chifukwa ninji fupa limakana khasu ndi msomali koma limalandira titaniyamu? Yankho liri pakhungu la chitsulocho. Chitsulo wamba chikakumana ndi mpweya ndi madzi chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limanyenyeka n'kumadyabe m'kati. Titaniyamu ikangokhudzana ndi mpweya, nthawi yomweyo imadziveka kakhungu kopyapyala zedi, kosaoneka ndi maso, kolimba ndi kosasungunuka m'magazi. Choncho fupa silikumana ndi chitsulo chenichenicho. Limakumana ndi chovala chake. Mlendo ameneyu amaweruzidwa ndi malaya amene wavala.

Muzu wachitsulo umaoneka ngati kabawuti kamazinga. Dokotala amaboola fupa pang'onopang'ono akuthira madzi ozizira, popeza fupa likatentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha maselo ake amafa. Akaupotokola m'malo mwake, magazi amadzaza timipata tonse n'kuundana. M'magazi oundanawo muli tiulusi tonga ukonde wa kangaude, timene timamatirira ku chitsulo. Maselo omanga fupa amayenda pa tiulusito ngati pa ulalo, nafika pa chitsulo, nayamba kuyala fupa lanthete, limene pambuyo pake limauma ndi mchere wa kashiamu ndi fosifeti. Ntchitoyi siifuna phuma. Muzu ukagwedezeka fupa lisanakhwime, pamamera chipsera m'malo mwa fupa. Mizu yoyamba ya Brånemark inali yosalala, ndipo odwala ankadikira miyezi itatu pa nsagwada ya m'munsi ndi miyezi isanu ndi umodzi pa ya m'mwamba, imene fupa lake ndi lofewa, asanawaveke mano pamwamba pake.

Khoma losalala siligwira pulasitala

Mmisiri aliyense womanga nyumba amadziwa kuti pulasitala sagwira pa khoma loterera. Amayamba walitematema kapena kuliwaza simenti ya mchenga kuti likhale lokhakhala, kenaka n'kulinyowetsa. Akatswiri a mano anadzaphunzira nzeru yomweyi. Pa chitsulo chosalala, magazi oundana akamanyala tiulusi tija timapulumuka, ndipo ulalo umaduka. Pa chitsulo chokhakhala timagwira zolimba.

Njira yoyamba inali yokuta. M'zaka za m'ma 1970 gulu la André Schroeder ku Bern, m'dziko la Switzerland, linayesa mizu yowazidwa ufa wa titaniyamu wosungunulidwa ndi moto woopsa, umene ukazizira umasiya khungu la nsungunsungu. M'zaka za m'ma 1980 ena anayamba kuwaza mchere wotchedwa hydroxyapatite. Mchere umenewu ndi womwe uja umalimbitsa mafupa ndi mano athu. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa fupa ndi mcherewu. Maganizo anali akuti mlendo akavala malaya a pakhomo, eni mudzi adzamulandira msanga. Ndipo zinaterodi: fupa linkathamangira ku mizu yotereyi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mizu ina chokutacho chinkang'aluka, kusungunuka kapena kumatuka patapita zaka, monga momwe pulasitala wochindikala amagwera, ndipo fupa linkatsala litagwira chigamba chimene chasiyana ndi chitsulo.

Apa ndi pamene anatulukira njira yachiwiri: m'malo momata chinthu china pamwamba, bwanji osakhakhalitsa chitsulo chenichenicho? M'chaka cha 1991 Daniel Buser ndi anzake ku Bern anayerekeza mizu ya makungu osiyanasiyana m'mafupa a nkhumba. Pa yosalala fupa linagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a khungu lake. Pa imene inapemereredwa mchenga wolimba kenaka n'kuviikidwa mu asidi, linagwira theka kapena kupitirirapo. Mizu yotere inayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo nthawi yodikira inatsika kufika pa milungu 6 mpaka 8 kwa munthu wa fupa labwino. Ena amanenepetsa kakhungu kachibadwa kaja ndi mphamvu ya magetsi kuti kakhale ndi timaenje. Ena amasunga muzu m'madzi amchere kuti usaume, popeza khungu lokonda madzi limakoka magazi msanga, monga khoma lonyowetsedwa lija. Timapiri ndi timaenje tikunenati n'tating'ono kwambiri: tokomera fupa ndi ta msinkhu wa gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a milimita. Lero akatswiri akuyesanso kupaka mankhwala okopa maselo a fupa ndi ena opha tizirombo, koma zambiri mwa izi zikadali pa mayeso.

Zotsatira zake n'zosangalatsa. Mwa mizu 100 yobzalidwa bwino m'kamwa mosamalidwa, yoposa 90 imakhala ikugwirabe ntchito patapita zaka 10.

Walira mvula walira matope

Komabe khungu lokondedwa ndi fupa limakondedwanso ndi tizirombo. Malinga muzu wonse uli m'kati mwa fupa, zonse ziri bwino. Koma litsiro likaunjikana m'mphepete mwa usinini, usininiwo umatupa, fupa limayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo mbali yokhakhala ija imaonekera. Tizirombo tikalowa m'timaenje tija, mswachi sungathe kutitulutsa, ndipo ngakhale dokotala amavutika nato. Matendawa kawirikawiri sapweteka poyamba, kotero munthu amazindikira fupa litatha kale. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi osuta fodya, odwala shuga amene sakusamala mankhwala ao, ndi amene mano ao anagwa chifukwa cha matenda a usinini. Ife a kuno kum'mawa, kumene fodya ndi mbeu ya ndalama, tiyenera kumva bwino mau amenewa: utsi umafinya timitsempha ta magazi, ndipo popanda magazi okwanira amisiri omanga fupa safika pa ntchito. Ana ndi achinyamata amene nsagwada zao zikukulabe saikidwa mizu yotere, chifukwa muzu wachitsulo umangokhala pomwepo pamene mano anzake akusuntha ndi kukula kwa nkhope.

Yankho lathu kwa bambo Katekisiti

Bambo, poyamba mtima wanu ukhale pansi: Mpingo suletsa chithandizo chotere. Nzeru za madokotala ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kufuna kutafuna bwino ndi kulankhula momveka si kunyada ai. Mwana amene akufuna kuthandiza kholo lake akusunga lamulo lachinayi, ndipo musamuchititse manyazi pomukanira mwaukali. Komanso nkhawa yanu pa sukulu ya adzukulu ndi ya kholo lanzeru. Sitingakusankhireni, koma tikupemphani kuti musanavomere mubwerere kwa dokotala pamodzi ndi mwana wanu, mukafunse mafunso awa.

Choyamba, fupa latsala lochuluka bwanji? Khungu la muzu, likome chotani, silingamere fupa pamene palibe. Limangothandiza fupa lomwe liripo kugwira msanga. Ngati laphwa kwambiri pamafunika kuyamba kulionjezera, ndipo imeneyo ndi opaleshoni ina, miyezi ina ndi ndalama zina.

Chachiwiri, maulendo adzakhala angati? Kuchoka ku Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi oposa 500. Ntchitoyi siitha ulendo umodzi, ndipo ikatha pamafunika kumakaonetsa chaka ndi chaka. Mufunsenso kuti usinini ukadzatupa muli kumudzi, adzakuthandizani ndani.

Chachitatu, kodi palibe njira yapakati? Munthu amene wataya mano onse a m'munsi safunika muzu pa dzino lirilonse. Kawirikawiri mizu iwiri yokha, yobzalidwa kutsogolo kumene fupa limakhalitsa, imakwanira kugwira mano ovala kuti asamaterereke. Ndipo mano ovala wamba, opanda muzu uliwonse, ndi otsika mtengo kwambiri. Akapangidwa bwino amabwezera munthu mau ake ndi kumwetulira kwake, ngakhale kuti saletsa fupa kuphwa ndipo amafuna kukonzedwanso pakapita nthawi.

Chachinayi, mukayezetse shuga, mumuuze dokotala mankhwala onse amene mumamwa, ndipo ngati mumasuta kapena kuika fodya m'kamwa, yambani mwaleka. Mukamva mayankho, mukhale pansi monga banja, muwerengere mtengo wonse osati wa tsiku loyamba lokha, ndipo chimene mugwirizane chikhale chopanda ngongole yolemetsa ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muzu umene tinabadwa nao

Kwa ife tonse otsala phunziro ndi ili. Kwa zaka zoposa 50 anthu ophunzira kwambiri akhala akusinkhasinkha za khungu la kachitsulo kamodzi, koma sanafikebe pa chimene Mlengi anaika pa muzu wa dzino la mwana aliyense wa kwa Mwase, kwa Kapichila kapena kwa Mphamba. Muzu wachibadwa sugundana ndi fupa. Pakati pao pali kamnofu kamoyo ka tiulusi zikwizikwi, kopyapyala ngati pepala, kamene kamachita ngati mtsamiro potafuna. M'menemo muli mitsempha yotiuza kuti m'mpunga muli kamwala tisanaswe dzino, ndiponso magazi obweretsa asilikali a thupi olimbana ndi tizirombo. Muzu wachitsulo ulibe zonsezi. Umangoima nji ngati mzati wa m'simenti.

Tsono taganizani m'mene timatayira chuma chimenechi. Dzino likayamba kunyerenyetsa timapirira. Likapweteka timaikapo mchere, phulusa, mapiritsi osinja, ena mpaka asidi wa m'batire amene amaotcha usinini. Timanyamuka ulendo wa kuchipatala tsaya litatupa, pamene chotsala n'kuzula basi, ndipo ena timafika ndi kulamula kuti, "Ingochotsani." Pamenepo sititaya dzino lokha, timayamba kutayanso nsagwada. Chikhala tinapita msanga, kabowo kakadali kakang'ono, dzinolo likanatha kumatidwa.

Nazi zochepa zimene banja lirilonse lingathe:

Titsuke mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala otsukira okhala ndi fuloraidi. Ngati mswachi wa m'sitolo palibe, kamtengo kotafuna kamagwiranso ntchito, bola tifike mano onse ndi m'mphepete mwa usinini.

Tichepetse maswiti, mabisiketi ndi zakumwa za shuga, makamaka nyengo yogulitsa mbeu pamene ndalama ziri m'thumba. Chimene chimaononga kwambiri ndi kudya shuga pafupipafupi tsiku lonse.

Tidyetse mafupa athu. Kapenta ndi usipa zodyedwa ndi minga yake, mkaka, ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi chibwabwa, nyemba ndi soya ziri ndi kashiamu.

Tiyang'ane m'kamwa mwa ana. Pa zaka zisanu ndi chimodzi, kumbuyo kwa mano a ubwana kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kugwa. Makolo ambiri amaliyesa la ubwana nalilekerera kuola, chonsecho limenelo ndi la moyo wonse.

Dzino la ukulu likagululuka pa mpira kapena pa ngozi ya njinga, tiligwire kumutu osati ku muzu, ndipo tisalipale kapena kulipukuta, chifukwa maselo amoyo a pa muzuwo ndiwo adzaligwirizanitsenso ndi fupa. Ngati lada tilitsukuluze pang'ono, tilibwezere m'malo mwake kapena tiliike mu mkaka, ndi kuthamangira kuchipatala ola lisanathe. Dzino la ubwana lokha ndi limene silibwezeredwa.

Ndipo usinini ukamatuluka magazi potsuka, kapena dzino likayamba kumva madzi ozizira, tisadikire. Tipite ku chipatala cha pafupi, kaya cha boma ku Lundazi, kaya cha mishoni ku Lumezi, kaya kiliniki ya kwathu, ndipo tifunse poyera ngati dzinolo lingapulumutsidwe kapena ngati angatitumize kumene lingamatidwe. M'miphakati yathu, pamene timasonkha za maliro, tingathenso kusonkherana ya basi kuti nkhalamba kapena mwana wamasiye akaonetse dzino nthawi ikadalipo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Muzu wachitsulo ndi wodabwitsa, ndipo tithokoze Mulungu chifukwa cha amene anautulukira. Koma kwa ambiri a ife uli kutali, ndipo muzu wa m'kamwa mwathu uli pompano. Bambo Katekisiti, tikukufunirani nzeru pa chisankho chanu, ndipo mutilemberenso kuti zakuyenderani bwanji. Apollonia Woyera, amene anataya mano ake chifukwa cha Khristu, atipempherere kuti athuwa tisawataye chifukwa cha mphwayi. Tionana mwezi wamawa.